Kumanga kompyuta ya magemu koyamba: zogula, zosiya ndi kalumikizidwe kake

Kulumikiza zipangizo za kompyuta ndi ntchito ya masana amodzi, ndipo chida chake chachikulu ndi screwdriver. Pamene ndalama za anthu zimathera ndi posankha. Wina amagula purosesa (ubongo wa kompyuta) yosalowa pa motherboard (bolodi limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) imene wagula kale, wina amabwera ndi RAM (mosungira zinthu kwakanthawi kompyuta ikamagwira ntchito) ya mtundu wa DDR4 pomwe bolodi lake likufuna DDR5, winanso amathira ndalama zonse pa graphics card (khadi lojambula zithunzi za pa sikirini) n'kuipatsa power supply (chogawa magetsi ku zipangizo zonse) yopanda dzina, kuno kumene magetsi amapita ndi kubwera mmene afunira. N'chifukwa chake tikhalitsa pa kusankha tisanagwire screwdriver.

Yambani ndi gemu ndi sikirini

Tengani pepala mulembe magemu atatu kapena anayi amene mudzasewere ndithu, osati amene mumangowaonera pa YouTube. Munthu wa EA Sports FC, Valorant, Counter-Strike 2, Dota 2 ndi GTA V safunika makina ofanana ndi amene akufuna Cyberpunk 2077 chilichonse chitakwezedwa mpaka pamwamba. Pa Steam, pansi pa tsamba la gemu iliyonse pali mindandanda iwiri ya zofunika, wa minimum ndi wa recommended. Wa minimum umangotanthauza kuti gemu itseguka. Inu tsatirani winawo.

Kenako sikirini, chifukwa ndi imene imapatsa graphics card ntchito. Ya 1080p ili ndi timadontho topitirira pang'ono 2 miliyoni, ya 1440p pafupifupi 3.7 miliyoni, ya 4K toposa 8 miliyoni, kutanthauza kuti pa 4K khadi limajambula timadontho tochuluka kanayi kuposa pa 1080p. Kwa woyamba, monita ya mainchesi 24, ya 1080p, ya 144Hz kapena 165Hz ndi yokwana. Nambala ya Hz ndi kuchuluka kwa zithunzi zimene sikirini ingaonetse pa sekondi imodzi. Ma TV ambiri a m'nyumba amalekera pa 60, choncho ngakhale khadi litatulutsa zithunzi 200 pa sekondi, maso anu aona 60 basi. Kuyamba ndi TV ya pabalaza si mlandu, koma musagule khadi lodula kwambiri mukudziwa kuti mukhala nayo TV imeneyo kwa zaka.

Ndalama muzigawiretu. Chotsanitu za monita, kiyibodi, mausi, UPS (batire lothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akapita) ndi bandulo ya intaneti, chifukwa izi n'zimene anthu amaziiwala n'kupezeka ali ndi bokosi lokongola lopanda poonera. Zotsalazo ndiye za bokosi, ndipo ine gawo limodzi mwa magawo atatu, nthawi zina mpaka theka, ndimalipereka ku graphics card. Zoti pang'onopang'ono ndi mtolo zigwire ntchito posunga ndalamazo, osati pogula zipangizo. Mukagula bolodi mu Januwale, purosesa n'kubwera mu Juni, mudzazindikira kuti bolodilo linafika lakufa nthawi yobweza itadutsa kalekale. Sonkhanitsani ndalama kaye, mugule zonse m'masabata ochepa.

Purosesa, bolodi ndi RAM

Zitatuzi musazisankhe pachokhapachokha. Makampani a mapurosesa ndi awiri, AMD ndi Intel, ndipo iliyonse ili ndi soketi zake, malo amene purosesa imakhalapo pa bolodi. Soketi ikasiyana, zatha, sizilowana ngakhale mutakakamiza bwanji.

Wa thumba lochepa ayang'ane AM4 ya AMD, imene inatuluka mu 2016 ndipo ikugulitsidwabe. Ryzen 5 5600 ya ma core 6, bolodi la B550 ndi RAM ya DDR4-3200 kapena 3600, basi mwamaliza. Bolodi la B450 limagwiranso, koma lakale lingafune BIOS (pulogalamu ya mkati mwa bolodi) yatsopano lisanaizindikire 5600, choncho funsani wogulitsa musanalipire. Kuipa kwa AM4 n'kwakuti mibadwo yatsopano ya Ryzen sikubweranso pa soketi imeneyi.

AM5 inabwera mu 2022 ndipo imalandira DDR5 yokha. Ryzen 5 7600, bolodi la B650 ndi DDR5-6000 zimadula kuposa za AM4, koma mtsogolo mukhoza kuchotsa purosesa n'kuikapo ya mphamvu ngati Ryzen 7 7800X3D osagula bolodi lina.

Ku Intel, Core i5-12400F pa bolodi la B660 kapena B760, soketi ya LGA1700, ndi yodalirika. Koma apa pali msampha. Mabolodi a soketi imeneyi ena ndi a DDR4, ena a DDR5, ndipo mayina amafanana kwambiri. La DDR4 nthawi zambiri limakhala ndi D4 kapena DDR4 kumapeto kwa dzina. Werengani dzina lonse mpaka chilembo chomaliza.

Zilembo za kumapetoko zilinso ndi tanthauzo pa purosesa. F wa Intel akutanthauza kuti purosesayo siitha kutulutsa chithunzi payokha popanda graphics card. Ryzen 5 5600 nayonso ili choncho. Imene ili ndi G, monga 5600G, imaonetsa chithunzi payokha ndipo imakwanitsa magemu opepuka ngati Valorant ndi Dota 2, choncho imathandiza amene ndalama za khadi sizinakwane ndipo akufuna kuyamba kaye. Mungodziwa kuti mukadzaikapo khadi, 5600G imatsalira pang'ono kwa 5600, chifukwa cache yake, kosungira kothamanga ka mkati mwa purosesa, ndi 16MB pomwe inzakeyo ili ndi 32MB. Za Core i9 ndi Ryzen 9 zisiyeni. Pa magemu, ndalama imeneyo imaoneka bwino ikapita ku khadi.

Mabolodi alipo a misinkhu itatu yodziwika: ATX lalikulu, Micro-ATX lapakati, ndi Mini-ITX laling'ono. Micro-ATX ndi lotsika mtengo ndipo lili ndi zonse zofunika. Onani kuti lili ndi mipata inayi ya RAM, malo a M.2 oikapo SSD (mosungira Windows, magemu ndi mafayilo), komanso WiFi ngati intaneti yanu imachokera pa MiFi kapena pa foni. Mabolodi ambiri otchipa alibe WiFi, ndipo anthu amazindikira izi atamanga kale.

RAM ikhale 16GB, mukatha 32GB, koma nthawi zonse zidutswa ziwiri zogulidwa mu paketi imodzi: ziwiri za 8GB kapena ziwiri za 16GB. Purosesa imawerenga ziwirizo nthawi imodzi, ndipo kusiyana kwake ndi chidutswa chimodzi kumaoneka mu gemu. RAM ya laputopu ndi yaifupi, siilowa.

Graphics card

Apa ndiye pagona nkhani, ndiponso ndi pamene anthu amapusitsidwa kwambiri. Dzina la khadi liwerengeni motere: pa RTX 4060 ya NVIDIA, 40 ndi m'badwo, 60 ndi mlingo wa mphamvu mu m'badwo umenewo. Pa RX 7600 ya AMD, 7 ndi m'badwo, 600 ndi mlingo. Ma GB olembedwa pa katoni si mphamvu, ndi malo amene khadi limasungamo zithunzi pogwira ntchito. M'mashopu ena mudzauzidwa kuti khadi ndi la 4GB, limasewera chilichonse, mukayang'anitsitsa ndi GT 730 ya mu 2014 imene ngakhale nthawi imeneyo sinali ya magemu. GT 710, GT 730 ndi GT 1030 zisiyeni pa shelefu pomwepo.

Pa 1080p makhadi oyenera ndi RX 6600 ya 8GB ndi RTX 3060 ya 12GB, onse a mu 2021, RTX 4060 ndi RX 7600 a mu 2023, komanso RTX 5060 ndi RX 9060 XT a mu 2025. Musatsike pansi pa 8GB, ndipo la 12GB kapena 16GB likhalitsa chifukwa magemu atsopano akudya malo ambiri. Samalani ndi makhadi a dzina limodzi koma mitundu iwiri. RTX 3060 ilinso ndi mtundu wa 8GB umene ndi wofooka kuposa wa 12GB, ndipo RX 9060 XT imabwera ya 8GB ndi ya 16GB. Arc B580 ya Intel ili ndi 12GB ndipo ndi yabwino pa mtengo wake, koma imafuna purosesa yatsopanoko ndi Resizable BAR yoyatsidwa mu BIOS, apo ayi imakoka miyendo.

Onaninso magetsi amene khadi limadya, poti mayunitsi mudzagula ndinu. RTX 4060 imadya pafupifupi 115W, RX 6600 132W, RTX 3060 170W. Kwa amene amadalira sola ndi inverter, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Khadi logwiritsidwapo kale ntchito si loipa. Ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu Seputembala 2022, makhadi ambiri analowa pa msika, ena ali bwinobwino, ena atatopa. Lamulo ndi limodzi: osalipira musanalione likugwira ntchito. Pitani ndi fulashi yokhala ndi GPU-Z, kapulogalamu kaulere kamene kamaonetsa zimene zili mkati mwa khadi. Pali makhadi akale, monga GTS 450, amene anthu amawasintha kuti azidzitchula kuti GTX 1050 Ti, ndipo GPU-Z ambiri mwa iwo imawagwira. Likadutsa pamenepo, yatsani gemu yolemera kwa mphindi 20, maso ali pa sikirini. Timadontho tobiriwira, mizere yachilendo, chithunzi chozimazima kapena fani yolira mokhulana, bwezani khadi kwa mwini wake. Wogulitsa wokana kuti muyese wakuuzani kale zonse.

SSD

Gulani SSD ya mtundu wa NVMe, yolowa pa M.2, ya 1TB. Magemu akuluakulu ambiri amapitirira 100GB imodzi, ndiye 500GB imadzaza msanga. NVMe ya PCIe 3.0 imafika pafupifupi 3,500MB pa sekondi, ya 4.0 pafupifupi 7,000, pomwe SSD ya SATA imalekera cha pa 550, koma mu gemu kusiyana kwa 3.0 ndi 4.0 simungakuone. Hard disk ikhale yosungira makanema, Windows musaikepo.

Power supply ndi magetsi athu

Ngati pali chipangizo chimodzi choti mugule chatsopano, cha kampani yodziwika, ndi ichi. Power supply yoipa ikamafa nthawi zina imapita ndi bolodi ndi khadi. Corsair, Seasonic, be quiet!, Cooler Master ndi MSI ali ndi mitundu yodalirika, ngakhale kuti kampani iliyonse ilinso ndi yake yotchipa, ndiye fufuzani dzina la mtundu weniweniwo. Chizindikiro cha 80 Plus Bronze kapena Gold chimanena za kusawononga magetsi, sikuti chikulonjeza kulimba, komabe yopanda ngakhale chimenecho muikayikire. Mabokosi ena otchipa amabwera ndi power supply yake mkati, yolembedwa 500W koma yopepuka mukainyamula. Ichotseni.

Kukula kwake werengani chonchi. Ryzen 5 5600 ndi ya 65W, RTX 3060 ndi ya 170W, bolodi, RAM, SSD ndi mafani tiziikire 60W. Zonse pamodzi zikuzungulira pa 300W. Ya 550W kapena 650W ikukwanirani ndipo ikusiyirani malo a khadi lina mtsogolo. Ya 1000W pa makina otere n'kungotaya ndalama.

Magetsi a ku Malawi ndi a 230V. Ma power supply atsopano abwino amadzisinthira okha, koma akale, makamaka ochokera ku America, ali ndi kabatani kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kakakhala pa 115 inu n'kuyatsa kuno, mumva kuphulika. Yochokera ku South Africa imabwera ndi pulagi ya mano ozungulira. Musavutike ndi adaputa zogwedera, ingogulani chingwe china cha pulagi yathu ya mano atatu afulati, chifukwa mbali yolowa mu power supply ndi yofanana. Ndipo ngati yanu ndi ya zingwe zozula, gwiritsani ntchito zingwe zimene inabwera nazo zokha. Za power supply ina zimatha kulowa bwinobwino koma mawaya ake atasemphana, n'kuwotcha SSD kapena khadi.

UPS si chinthu cha anthu a ndalama, ndi mbali ya makinawo. Musapusitsidwe ndi nambala ya VA, yang'anani ya W. UPS yolembedwa 650VA nthawi zambiri imapereka mawati osafika 400, ndipo kompyuta ya magemu ndi monita zikamagwira ntchito zimatha kufika pafupi pamenepo. Yang'anani ya 1000VA mpaka 1500VA, ndipo ngati thumba lilola ikhale ya pure sine wave, chifukwa ma power supply ena amakono amazima akapatsidwa magetsi a UPS yotchipa. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa zoti muzimitse bwino, osati kumalizitsa ligi. Nyengo ya mvula ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi pakhoma ndi chingwe cha intaneti chomwe. Ndipo mukagwira chitsulo cha bokosi n'kumva kunyerenyetsa m'zala, vuto si kompyuta, itanani wa magetsi adzaone waya wa earth m'nyumbamo.

Bokosi

Lisankheni poganizira kutentha kwa mu Okutobala ndi fumbi la m'chilimwe. La kutsogolo kwa sefa lolowetsa mpweya liposa la galasi lotsekeka, ngakhale lagalasilo likhale ndi magetsi a mitundumitundu. Likhale ndi mafani awiri kapena atatu ndi sefa zochotseka. Yerekezani kutalika kwa khadi lanu ndi malo amene bokosi lalemba kuti lili nawo.

Musanalipire

Lowetsani mndandanda wanu wonse pa PCPartPicker. Tsambali limakuuzani ngati soketi, RAM kapena kukula kwa zinthu sizikugwirizana. Oitanitsa kunja, kaya ku Wootware ndi Evetech ku South Africa kapena kudzera kwa achibale a ku Britain, awerengeretu zonyamulira ndi msonkho wa pa malire, komanso adzifunse kuti chinthu chikafika chakufa chidzabwerera bwanji. Nthawi zina kulipira zochulukirapo pa shopu ya mu Lilongwe kapena Blantyre imene ikupatsani risiti ndi waranti n'kwanzeru. Purosesa, RAM ndi bokosi zakale sizivuta kawirikawiri. SSD yakale iyeseni ndi CrystalDiskInfo muone thanzi lake.

Pali njira inanso yachidule: kugula kompyuta yakale ya muofesi, monga Dell OptiPlex, n'kuikamo khadi. Zimatheka, koma zambiri zili ndi power supply yaing'ono ya zingwe zakezake, choncho mumafunika khadi losafuna chingwe cha magetsi, lodya osapitirira 75W amene bolodi limapereka, monga RTX 3050 ya 6GB. Za bokosi lopyapyala zimafunanso khadi lalifupi, la low profile. Purosesa yake ikhale Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo kuti Windows 11 ilole.

Kulumikiza

Konzani tebulo loyera pamalo owala, screwdriver ya nyenyezi yapakati ndi ina yaing'ono, kambale koikamo ma screw, ndi buku la bolodi lotsegula pambali. Vulani juzi ya ubweya, ndipo muzigwira chitsulo cha bokosi kawirikawiri kuti magetsi a m'thupi achoke. Bolodi liikeni pamwamba pa katoni yake. Zinthu zinayi zoyambirira zimaikidwa bolodi lisanalowe m'bokosi.

1. Purosesa. Igwireni m'mbali. Pa ngodya imodzi pali kachizindikiro ka makona atatu, ndipo pa soketi palinso kena. Tiwiriti tiyang'anizane. Pa AM4 timapini tili pansi pa purosesa: kwezani kamkono kachitsulo, ikani purosesa pamwamba, igwera yokha m'timabowo. Ikapanda kugwera, musakanikize, inyamuleni muonenso ngodya. Pa AM5 ndi Intel timapini tili mu soketi, tosaoneka bwino ndi maso, ndipo kamodzi kakapindika bolodi likhoza kutha ntchito. Musatikhudze, musagwetserepo kanthu. Tsegulani chitseko chake, goneketsani purosesa, tsekani, ndipo potsitsa kamkono mumva kulimba mpaka mtima kugunda. Ndi mmene zimakhalira. Kachivindikiro kakuda kapulasitiki kadumpha kokha, kasungeni.

2. RAM. Pa bolodi la mipata inayi, zidutswa ziwiri zimalowa mu mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa, yolembedwa A2 ndi B2, koma tsimikizani m'buku. Tsegulani tizotsekera ta m'mbali, yang'anizani podulidwa pa RAM ndi kachitunda ka mu mpata, kanikizani mbali zonse mpaka mumve kuti "tswa". Apa pamafunika mphamvu kuposa mmene woyamba amaganizira.

3. SSD. Ilowetseni mopendeketsa, muitsitse, mumange ndi ka screw kake. Ngati bolodi lili ndi chitsulo chovundikira, matulani kapulasitiki ka pansi pake.

4. Choziziritsira purosesa. Ryzen 5 5600, 7600 ndi i5-12400F zogulidwa mu katoni yake zimabwera nacho, thermal paste (phala lothandiza kutentha kudutsa kuchoka pa purosesa) itapakidwa kale. Chogula padera chimakhala ndi pulasitiki pansi, ndipo ambiri amaiiwala n'kumadabwa ndi kutentha. Paste ikhale kadontho kamodzi pakati, kakukula ngati njere ya nandolo. Mangani ma screw mopingasa, pang'ono uku pang'ono uko, mpaka onse alimbe. Chingwe cha fani chilowe polembedwa CPU_FAN. Tsiku lina mukadzafuna kuchichotsa pa AM4, muyambe mwachipotokola pang'ono, apo ayi chimazuka ndi purosesa yomwe.

Ndimakonda kuyesa makina pamenepa asanalowe m'bokosi. Lumikizani power supply, khadi ndi monita bolodi lili pa katoni, kenako gunditsani nsonga ya screwdriver pa timapini tiwiri ta POWER SW, tolumikizapo batani loyatsira, kwa kamphindi. Chithunzi chikabwera, zimitsani, zulani khadi, pitirizani. Chikapanda kubwera, mwapulumuka ntchito yomasula bokosi lonse.

5. Bolodi m'bokosi. Ngati chitsulo cha kumbuyo chokhala ndi mabowo a USB n'chapadera, chilowe choyamba. M'bokosi muli timiyendo tachitsulo timene bolodi limakhalapo. Tikhale pokhapo pamene bolodi lili ndi bowo, chifukwa kowonjezera kogunda pansi pa bolodi kamayambitsa shoti. Mangani ma screw molimba koma osafinya.

6. Power supply ndi zingwe. Fani yake iyang'ane kumene kuli mabowo a mpweya. Chingwe chachikulu cha mapini 24 chimalowa m'mbali mwa bolodi. Cha purosesa, cha mapini 8 chogawika 4 ndi 4, chimalowa pamwamba kumanzere. Cha khadi chilinso ndi mapini 8 koma chimagawika 6 ndi 2. Ziwirizi zimafanana, ndiye werengani zolembedwa pa mutu wake, CPU kapena PCIe.

Kenako tizingwe ta kutsogolo kwa bokosi, timene timatopetsa aliyense. Ndi tating'ono, tolembedwa POWER SW, RESET SW, HDD LED ndi POWER LED, ndipo timalowa pa kagulu ka mapini pansi kumanja kwa bolodi. Yatsani tochi ya foni, buku lili pambali. Ta SW tilibe mbali, mulimonse mmene mungalowetsere tigwira. Ta LED tili ndi + ndi -, mukatembenuza nyali siyaka koma palibe chopsa. Chingwe chonenepa cha USB 3.0 chilowetseni mowongoka chifukwa mapini ake amapindika msanga, ndipo cha HD AUDIO chili ndi malo ake pansi kumanzere.

7. Khadi limalowa pomaliza, mu mpata wautali wapamwamba. Chotsani tizitsulo ta kumbuyo kwa bokosi, kanikizani mpaka chotsekera chigwire, mangani screw, lowetsani chingwe cha magetsi mpaka mapeto osasiya mpata. Mafani a kutsogolo azilowetsa mpweya, ya kumbuyo izitulutsa. Mpweya umatulukira mbali imene kuli timipiringidzo togwira mota.

Kuyatsa koyamba

Chingwe cha monita chilowe pa khadi, osati pa bolodi. Batani la kumbuyo kwa power supply likhale pa I. Pa AM5 sikirini ikhoza kukhala yakuda kwa mphindi zingapo ulendo woyamba pamene bolodi likuyesa RAM, choncho musafulumire kuzimitsa. Ikakhalabe yakuda, mabolodi ambiri ali ndi tinyali tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo kamene katsala koyaka kakulozerani kovuta. Kawirikawiri ndi RAM yosalowa bwino. Zimitsani, zulani zidutswa zonse, bwezerani chimodzi, yesaninso. Kukakhala zii, ngakhale fani osazungulira, bwererani ku POWER SW ndi chingwe cha mapini 24.

Chithunzi chikabwera, dinani Delete kapena F2 mulowe mu BIOS. Onani ngati RAM yonse ndi SSD zikuoneka. Yatsani XMP, imene pa AM5 imatchedwa EXPO ndipo pa mabolodi ena a ASUS ndi DOCP. Popanda izi DDR4-3200 yanu imayenda pa 2133 kapena 2400, ndipo DDR5-6000 pa 4800. Yatsaninso Resizable BAR, Secure Boot ndi TPM, imene AMD imaitcha fTPM, Intel PTT. Windows 11 imafuna TPM 2.0, ndipo Valorant pa Windows 11 imakana kutseguka popanda TPM ndi Secure Boot.

Windows ikonzeretuni pa kompyuta ina, pa fulashi ya 8GB kapena kuposa, pogwiritsa ntchito Media Creation Tool ya Microsoft. Ikhale Windows 11, poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Pa fulashi yomweyo ikaniponso driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) ya WiFi ndi ya LAN ya bolodi lanu, chifukwa Windows 11 imapempha intaneti ili mkati moikidwa. Mukasowa chochita, lumikizani foni ndi chingwe muyatse USB tethering. Ma Windows osinthidwasinthidwa oyenda m'mafulashi, ndi magemu othyoledwa, nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi akuba mapasiwedi.

Mukalowa, tengani driver ya khadi pa tsamba la NVIDIA, AMD kapena Intel. Kenako pitani ku Settings, System, Display, Advanced display, musinthe 60Hz kukhala 144Hz kapena 165Hz, chifukwa Windows kawirikawiri siisintha yokha ndipo anthu amatha chaka akusewera pa 60 osadziwa. Wa bandulo ayatse Metered connection kuti Windows isamadye data mwakachetechete. Gemu ya pa Steam imene mnzanu ali nayo kale simufunika kuitsitsanso yonse: iguleni pa akaunti yanu, koperani foda yake kuchokera mu steamapps/common ya mnzanuyo kupita mu yanu, mukadina Install, Steam ipeza mafayilowo n'kungotsitsa zosowa.

Sewerani kwa ola limodzi pulogalamu ya HWiNFO kapena MSI Afterburner ili yotsegula kuti muziona kutentha. Khadi likamazungulira pa madigiri 60 mpaka 80 lili bwino. Ryzen 7000 inapangidwa kuti izitha kufika 95 ikapanikizika, koma ikamakhala pamenepo mu gemu wamba onaninso choziziritsira ndi pulasitiki ija. Gemu ya pa intaneti ikamadukaduka pomwe zithunzi pa sekondi zili zambiri, vuto ndi ping, kuchedwa kwa intaneti, osati makina. Counter-Strike 2 ndi Dota 2 zili ndi ma server ku South Africa, sankhani amenewo, ndipo chingwe chochokera pa rauta chimaposa WiFi.

Bokosi likhale pa tebulo kapena pa kathabwa, osati pa simenti pamene tsache limadutsa m'mawa uliwonse. Sefa muzizitsuka mwezi ndi mwezi m'nyengo ya fumbi, ndipo mkati muzipemereramo ndi blower pakapita miyezi ingapo, kompyuta itazulidwa pakhoma, chala chitagwira fani kuti isazungulire mothamanga ndi mphepoyo.